Mkazi mnzanga wa m'thumba

Anthu a kuno akamakumbukira chaka chija, ena amati chaka cha madeya, ena amati chaka cha m'bawa. Ine ndimati chaka chimene ndinapempha ndekha kuti andisudzule, chifukwa ndi zimene ankandinena nazo pachitsime mpaka chimanga chinacha.

Okutobala

Amuna anga, a Lufeyo, anamwalira kumayambiriro kwa mweziwu atadwala chifuwa zaka ziwiri. Anandisiyira mwana mmodzi, Tadala, amene anali asanayambe sukulu, munda wa kuphiri, ndi mkazi mnzanga.

Musadabwe, a Lufeyo sanali a mitala. Mkazi mnzangayo anali makina ochekera mitengo, aja a injini ndi tcheni, amene anawagula ali akale kale kwa mkulu wina wa ku Mozambique tisanakwatirane. Dzinalo ndinapereka ndine, ndipo ndinalipereka ndi mkwiyo. Munthu ankadzuka m'mawa, asanafunse n'komwe ngati ine ndadzuka bwino, n'kuyamba kupukuta makinawo ndi nsanza, kuwanola mano limodzilimodzi, mpaka kuwanong'oneza. Sopo wanga ankathera pa malaya onunkha petulo. Ndikadandaula ankangoseka, amvekere, "Mayi a Tadala, musamuchitire nsanje. Mchere mwathira m'ndiwowu wagula ndi iyeyu."

Atayamba kudwala, makinawo analowa m'thumba la saka n'kukwera kudenga, pamtanda wa kuchipinda. Ndinganame nditati ndinawamvera chisoni.

Maliro atatha, achimwene awo aakulu, alamu anga a Maliko, anandikhazika pansi. A Maliko ndi munthu wofatsa, woyankhula ngati akuopa kudzutsa mwana, koma za mwambo sasewera nazo. Anati katundu yense wa malemu akhale pamene ali mpaka tsiku losudzula. Kwathu kuno mkazi wamasiye amakhalabe mkazi wa malemu mpaka abale a mwamuna atabwera, kumumeta, kumwa thobwa ndi anthu, n'kumuuza kuti tsopano ndi mfulu. Tsikulo lisanafike, chipewa, njinga, ngakhale mpeni wa malemu sizituluka pakhomo. Mukaphwanya, amati zimagwera mwana. Amatupa miyendo ndi nkhope, matenda aja timati tsempho.

"Tidikire kaye tipeze chimanga cha thobwa, alamu," anatero. "Sitingaitane anthu kudzamwa madzi."

Ndinavomera msanga. Mumtima sindinkafuna n'komwe kuti tsikulo lifulumire. Ndinali ndisanatope kukhala mkazi wa a Lufeyo.

Novembala

Mvula yoyamba inagwa bwino, tonse tinathamangira kukadzala. Nkhokwe zinali zopepuka kale, chifukwa chaka chapitacho dzuwa linatiotchera chimanga chikumasula ngayaye. Mbewu zitangomera, kumwamba kunatseka. Timbewu tija tinapota masamba n'kugona. Ine ndinadzalanso ndi chimanga chimene ndinasungira kudya, ndikudziwa bwinobwino kuti ndikukwirira chakudya cha Januwale.

Disembala

Mwezi uwu mitengo ya zinthu inapenga. Mbuzi imene kale unkasinthanitsa ndi thumba la chimanga tsopano inkabweretsa ndowa, ndowa yakenso yosadzaza. Nkhuku zinatha m'mudzi popanda chitopa. Amuna ambiri anawoloka malire kukagwira ganyu, n'kumabwerako ndi ufa wa chinangwa wa m'kajumbo. Otsala analowa m'phiri kukaotcha makala. Mphekesera ndiye zinkakhutitsa. Ena ankati chimanga cha thandizo chili panjira, ena ankati chapita kale kuchigwa, ena ankati chikubwera chachikasu chimene amuna akadya amafooka kuchipinda. Amuna omwewo amene sankatha n'kukweza khasu komwe ndi amene ankada nazo nkhawa kwambiri.

Ootcha makala ndi amene anakumbukira za mkazi mnzanga. Anabwera awiri, zipewa m'manja, kudzanena kuti andipatsa thumba lathunthu la chimanga ndikawabwereka makina. Thumba lathunthu, mu Disembala! Ndinayang'ana kudenga, ndinayang'ana Tadala, ndinakana. Neba wanga anaMbewe, amene khutu lawo limamva ngakhale za m'nyumba yotseka, anandipeza ndikusesa.

"Mwachita bwino, asisi. Mukanangokhudza, mwana uyu mukanamutaya." Kenako anati, "Koma thumba lathunthu, eti?"

Pano ndikuuzeni za msewu wathu, chifukwa ndi umodzi basi. Ukachoka kumsika umakwera n'kudzadutsa pakhwawa pamene mbali ina kuli thanthwe, mbali ina kuli phompho la mtsinje. Pamenepo panali m'bawa. Agogo a agogo athu anaupeza uli waukulu kale. Amuna angapo atagwirana manja sankauzungulira, ndipo ukaima pansi pake masana unkamva kuzizira ngati walowa m'tchalitchi. A Lufeyo, amene mtengo uliwonse ankauona ngati matabwa oimirira, akafika pamenepo ankavula chipewa. Anthu a ndalama anawanyengererapo kangapo, koma iwo ankati, "Uwu si wocheka. Uwu ndi wongouona."

Januwale

Tinayamba ndi madeya, aja timapatsa nkhumba. Madeya atasowa tinkaphika mango osapsa, kenako tinalowa m'tchire kukakumba mpama, umene umafuna kuuviika m'madzi oyenda masiku ambiri, apo ayi umakugoneka. Kumunda chimanga chachiwiri chija chinali chitagwira, chobiriwira mosiririka, koma ngala zinali kutali. Ndinkapalira mzere umodzi n'kukhala pansi, m'maso mukuchita mdima.

Tadala anasiya kusewera. Mwana amene ankandilondola paliponse ndi mafunso anayamba kungokhala pakhonde, tsitsi litafiira n'kufewa. Tsiku lina ndikumusambitsa ndinadina chala paphazi lake, ndipo podinapo panatsala kadzenje. Ndinadina phazi linalo. Chimodzimodzi.

Pachitsime nkhani inafika ine ndisanafike. Ena ankati ndatsitsa makina n'kubwereketsa mobisa. Ena ankati ayi, si makina, pali mwamuna. Ndinapita naye kusikelo, ndipo mlangizi wa zaumoyo atamuyeza mkono ndi kalamba koyezera ana anandiuza kuti si tsempho, ndi njala basi. Anati chiponde cha ana, chakudya chija cha mtedza chimene amapatsa otupa, chikubwera pamodzi ndi chimanga pa lole imene ikuyembekezeka mwezi wamawa.

"Musamusiye agone chosadya, mayi, ngakhale kaphala kamadzi. Lole ikangofika, muthamange naye."

Kuyambira tsiku limenelo khutu langa linali kumsewu.

Febuluwale

Mvula imene tinkaipempha mu Novembala inabwera yonse pamodzi, ndi chimphepo chake. Inagwa mpaka tinaiwala maonekedwe a dzuwa. Itakata, kunamveka kuti m'bawa wagwa.

Ndinapita kukaona, monga anachitira aliyense wotha kuyenda. Panalibe woyankhula mokweza. Mtengo unali utagona chopingasa msewu, mutu uli kuphompho, mizu itazuka ndi dothi lake n'kuima m'mwamba kuposa denga la nyumba. Thunthu lake, ngakhale logona, linkabisa munthu woima kuseri kwake. Kumwamba kumene kunali nthambi kunatsala chibowo cha kuwala, ndipo mbalame zinkangozungulira pamenepo, kusowa potera. Azimayi ena analira ngati pamaliro. Inenso ndinalira, koma sindikudziwa ngati ndinkalirira mtengo kapena msewu.

Lole inafika Lolemba. Tinaimva ikubuula pachitunda mpaka inadzaima kuseri kwa thunthu, matumba ali pamwamba atafunditsidwa tenti. Dalaivala anakwera pathunthupo n'kutiuza kuti saloledwa kutsitsa katundu patchire, ayenera kukafika pabwalo la sukulu. Makina okonza misewu onse anali kumilatho imene inakokoloka kumunsi. Anati abweranso Lachisanu, ndipo akadzapeza msewu uli chitsekere, matumbawo adzapita ku Matope, kumene madzi analowa m'nyumba za anthu. Lole inabwerera chambuyo ife tikuiona.

Amuna anabwera ndi nkhwangwa. Koma anali amuna a madeya. Ankatema pang'ono n'kukhala pansi ali wefuwefu, ndipo pofika madzulo a Lachiwiri ntchito yawo yonse inali ngati khoswe walumako. Anayesa moto, mtengo wauwisi unangofuka utsi. Aliyense ankadziwa chimene chinali kudenga kwanga, koma panalibe wochitchula. Ankangondiyang'ana n'kuyang'ana kumbali.

Kunyumba ndinapeza zikope za Tadala zitatupa. Ndinamupatsa kaphala, anameza kawiri n'kutembenukira kukhoma.

M'mawa ndinamusiya kwa anaMbewe n'kupita kwa a Maliko. Ndinagwada chapatali monga mwa ulemu, koma mawu sindinatsitse.

"Alamu, ndabwera kuti mundisudzule. Lero."

Mkazi wamasiye sapempha kusudzulidwa, amadikira. Akapempha yekha, anthu amamva chinthu chimodzi, kuti pali wina amene waima kuseri kwa nyumba. Akazi awo a Maliko anaika dzanja pakamwa.

"Alamu," anatero a Maliko motsitsa, "kodi mukudziwa zimene anthu anene?"

"Akunena kale. Bola azinena atakhuta."

"Nanga abale a ku Boma? Mng'ono wanga timulekanitse ndi nyumba yake popanda n'kapu yomwe ya thobwa?"

"Mwana wa mng'ono wanuyo maso ayamba kutsekeka. Kamuoneni, mukabwerako mudzandiuze za thobwa."

Anapita kukamuona, ndipo sanakhalitse. Atatuluka kwa anaMbewe anaitana alongo awo ndi akulu awiri a mpingo, n'kuitanitsa lezala. Alongo awowo anandimeta pakhonde panga. A Maliko anatenga kapu ya madzi, anawazamo timadeya totsala m'lichero, n'kuvundula ndi kamtengo.

"Thobwa ndi ili," anatero. "Amene akuti ndi madzi anene pompano."

Kapuyo inazungulira, aliyense ananyowetsa milomo. Kenako a Maliko anatembenukira kuchipinda n'kuyankhula ngati mng'ono wawo wagona momwemo. "Lufeyo, usatiyese achipongwe. Mkazi wako tikumumasula lero, katundu wako tikumutsitsa. Mwana wako ali ndi njala. Ukakwiya, ukwiyire ine." Ananditembenukira. "Alamu, ndinu mfulu."

Mawu amene ndinkawaopa kuyambira Okutobala anatha msanga choncho. Mphepo inandizizira m'mutu mometedwamo, ndipo zinandipweteka kuposa tsiku la maliro. Koma nthawi yolira panalibe. Ndinakwera pampando, ndinatsitsa thumba lija ndekha, ndinalisenza. Chikhalire ndinali ndisanamunyamulepo mkazi mnzanga. Ndi wolemera, ndikuuzeni.

Uthenga unapita pafoni kwa a Jafali, a golosale ya kumsika, amene amakonzanso njinga zamoto kuseri kwa sitolo yawo. Ndi iwo ankagulitsa oyilo kwa a Lufeyo. Tinawapeza atafika kale pam'bawa, atakhala pathunthu, chikwama cha masipanala pamiyendo, botolo la petulo m'manja. Ndinayala chitenje changa pamsewu kuti tizitsulo tisasowe m'matope.

Titatsegula thumba ndinataya mtima. Dzimbiri linali litaumitsa tcheni gwa. Chingwe chokokera makoswe anali atachidya. Petulo wakale anali atasanduka phula m'thanki. A Jafali anapukusa mutu, anati "Bisimillahi," n'kuyamba. Anaviika tcheni m'mafuta. Anamasula kabokosi kopitira petulo, kochepa ngati ka machesi, anakatsuka n'kumauzira timabowo take ndi pakamwa. Pulagi anaipala ndi kampeni. Potulukira utsi anapezamo nyumba ya mavu aja omanga ndi dothi, yodzaza mpaka pakamwa.

"Mayi, munali ndi anthu a lendi kudenga, mumadziwa?"

Chingwe chinasowa mpaka a Maliko anamasula cha nayiloni chimene ankamangira buluku, popeza lamba anali atasiya kale kugwira chiuno chawo. Anaima pamenepo atagwira buluku ndi dzanja limodzi, nkhope ili ya ulemu ngati ali paguwa. A Jafali anasakaniza petulo ndi oyilo m'botolo, anathira, anatseka.

Tsono vuto linali lakuti kuliza makinawa panalibe amene ankadziwa bwino. A Maliko ankachekako kale, koma mng'ono wawo ankayamba waliza yekha n'kuwapatsira ali kulira. A Lufeyo ankati mkazi wawoyo sangadzutsidwe ndi mwamuna wina.

A Jafali anaponda chogwirira n'kukoka chingwe. Zii. Anakoka mpaka mkono unatopa, anapatsa wina. Mwadzidzidzi makina anatsokomola kamodzi, khoo, n'kukhala chete. Anthu anakuwa, wokokayo anakoka ndi mphamvu zonse, anakokanso, mpaka petulo ananunkha ponseponse. A Jafali anamasula pulagi, anaipeza yonyowa, anaiumitsa, anayambiranso. Khoo. Kukuwa, kukoka, kunyowa. Dzuwa linapendeka zili choncho, ndipo Lachisanu linali mkuja.

Ine ndinakhala ndi azimayi pathanthwe nditatseka maso, chifukwa kutsokomolako kunkandilasa. Ndinali nditamva kutsokomola kokwanira m'nyumba mwanga. Koma ndili chitsinzinire ndinazindikira kuti khutu langa likudikira china chake. Zaka zonse zija ndinkamva makinawa akudzutsidwa kuseri kwa khoma ine ndikung'ung'udza kukhitchini, ndipo kayendedwe kake ndinkakadziwa ndisakufuna. Kukoka, kukoka, khoo. Zikatero a Lufeyo sankakoka ayi. Pankamveka kaye kaphokoso kakang'ono, ke, ngati munthu wathyola kamtengo kouma. Kenako ndiye kukoka.

Ndinaimirira. "A Jafali, pali chimene mukudumpha. Uyu akatsokomola samukoka. Pamalira kaye kanthu, ke."

"Kanthu kake kati, mayi?"

"Sindikudziwa. Sindinakaonepo. Ndinkangomva."

Anayendetsa chala pamakinapo, kudina ichi, kudina icho, ine ndikukana ndi mutu. Kenako anakankha kachitsulo kena ka m'mbali. Ke.

"Kameneko!"

"Tchoki, kotsekera mpweya aka? Kutsegula nthawi yomweyo? Panjinga timadikira injini itenthe kaye."

"Za njinga sindikuzidziwa. Uyu akatsokomola, ke."

Anaseka n'kudzimenya pamphumi. "Ndiye kuti tsiku lonseli takhala tikumutsamwitsa ndi petulo, eti!"

Anaumitsanso pulagi, anabwezera kachitsulo kaja. Anakoka, anakoka. Khoo. Anthu anafuna kukuwa, a Maliko anakweza dzanja limene silinagwire buluku. Ke. A Jafali anandiyang'ana, n'kukoka.

Analira. Poyamba mokakamira, akunjenjemera pachitenje panga, utsi uli tolotolo. Kenako a Jafali anafinya, ndipo kulirako kunakwera, kunamenya thanthwe, kunawoloka mtsinje n'kubwerera kuchokera kuphiri la tsidya ngati kumenekonso kwadzuka ena. Mbalame zija zinabalalika. Chinthu chimene chinagona m'thumba zaka, chodyedwa ndi makoswe, chogonamo mavu, chinali kukuwa ndi mawu omwe aja, osasintha ngakhale pang'ono. Nkhalamba ina inagwada m'matope. Ine ndinangoima, fungo lija ndinkalitukwana pochapa likundilowa m'mphuno, ndipo ndinalikoka lonse.

A Maliko anamanga buluku ndi luzi n'kulandira makina. Asanagunditse pamtengo anavula chipewa, ndipo amuna onse anavula. Mano atalowa, utuchi wofiira psuu unathovoka n'kumatigwera m'mitu. Mtengo unali wonenepa kuposa lupanga la makina, choncho ankacheka mbali ino, kukwera, kukacheka mbali inayo, n'kumachotsa chidutswachidutswa. Mkati mwake munali mofiira, monyowa, monunkhira. Aliyense ankafuna kugwirako, ndipo ankagwira mwaulemu, ndi dzanja lonse.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza anaMbewe atakhala pakhomo pawo, maso ali ofiira. Ndinawathamangira ndikuitana dzina la Tadala.

"Ayi, asisi, ali moyo. Khalani pansi." Anandigwira dzanja. "Mwana uyu wagona chigonere kuyambira m'mawa, ndikamuitana osayankha. Phokoso lija litangomveka kuchokera kukhwawa, wadzuka yekha. Wagwira khoma mpaka pakhomo. Akuti, 'Ababa abwera.' Akuti ndimupatse phala, ababa asamupeze asanadye, amakalipa." Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Wamaliza kambale konse."

Nditalowa, Tadala anandinunkhiza malaya, anaona utuchi m'mutu mwanga, n'kufunsa kuti ababa atsala kuti. Ndinamuuza kuti akutsegula msewu. Mpaka lero sindikuona kuti ndinanama.

Lachinayi anacheka tsiku lonse. Petulo atatha, anyamata a kabaza anapopa m'mathanki a njinga zawo, aliyense pang'ono. Chidutswa chomaliza tinachigubuduzira kuphompho ndi mitengo, amuna ndi akazi pamodzi, ndipo chinatenga nthawi kuti timve chikugunda m'madzi. Lachisanu lole inadutsa pakati pa mbali ziwiri za thunthu, zofiira, zofika m'mawindo ake. Chimanga changa ananditengera ndi anaMbewe. Ine ndinali nditathamanga kale ndi Tadala kumsana, ulendo wa kusikelo.

Malichi

Kutupa kunaphwa pang'onopang'ono, kenako mafunso aja anabwerera onse. Tinayamba kudya maungu ndi mondokwa. Pachitsime ena ankadikirabe kuona mwamuna amene ndinathamangira kumetedwa chifukwa cha iye. AnaMbewe ndi amene ankawayankha, amvekere, "Mwamuna wakeyo simunamumve nonse akulira pakhwawa?"

Meyi

Tinakolola pang'ono, koma tinakolola. A Maliko anakonza thobwa lenileni n'kuitana abale a ku Boma, ati asadzachite manyazi akadzakumana ndi mng'ono wawo. Katundu anagawidwa monga mwa mwambo. Chipewa chinapita kwa amalume, njinga kwa mphwawo, makina kwa a Maliko. Ndinawapukuta ndekha ndi nsanza ndisanawapereke, ndipo ndinangozindikira ndikuwanong'oneza.

Pakhwawa mbali ziwiri zija zikadalipo, zada tsopano, ndipo ana amakhalapo pochokera kusukulu. A Maliko amawaliza makinawo kamodzikamodzi, mtengo ukagwa kapena wina akafuna matabwa a denga. Nyumba yawo ili kuseri kwa kachitunda, koma m'mawa kukakhala bata zimamveka. Kukoka, kukoka, khoo. Tadala ndi wamkulu tsopano, ndipo akudziwa bwino kumene kuli bambo ake. Komabe zikafika pamenepo amasiya chimene akuchita, inenso ndimasiya changa. Kaphokoso kaja n'kakang'ono, sikangafike kuno. Timakanena ndife, tonse awiri, ke, ndipo amalira.